Kwacha ikagwa usiku, kampani yanu imatenga masiku angati kuti isinthe?

WaHoloselo: Akuluakulu, ndabwera ndi funso limodzi. Zinthu zikasintha kunjaku, pamadutsa masiku angati kuti kampani kapena bungwe lanu lisinthe kachitidwe kake? Tengani za mu Novembala 2023. Reserve Bank itachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola yomwe inkagulidwa pa K1,180 inafika pa K1,700 tsiku limodzi. Posakhalitsa MERA inakweza mafuta, petulo kuchoka pa K1,746 kufika pa K2,530, dizilo kufika pa K2,734. Nkhani yotere tonse timaimva nthawi imodzi pa wailesi, koma wina amakonza mitengo m'mawa mwake, wina amadikira msonkhano wa mabwana wa kumapeto kwa mwezi. Wodikirayo amagulitsa kwambiri sabata imeneyo, makasitomala kuchita kulimbirana, kenako amalephera kuodanso katundu. Tiyeni tikambirane chimene chimachedwetsa mabungwe athu, ndi zimene munthu angakonzeretu lero lisanafike tsiku lina lotere.

MayiAkaunti: Achimwene, ndiyambe ndi masamu chifukwa ambiri amagwera pomwepa. Tiyerekeze kuti munaoda makatoni 100, lililonse $100, dola ili pa K1,180. Katoni lakudyerani K118,000. Mwaikapo phindu la 20 peresenti, mukugulitsa K141,600. Kwacha yagwa, inu mitengo simunasinthe, makatoni onse apita. M'manja muli K14,160,000, ndipo buku likuti mwapindula K2,360,000. Pitani mukaodenso: katoni lomwelo tsopano ndi K170,000, ndalama yanu ikugula makatoni 83 okha. Makatoni 17 asowa popanda wakuba. Apa sitinawerengere thiransipoti ndi msonkho wa pa chipata, zomwe nazonso zakwera.

Choncho mtengo wogulitsira uzichokera pa ndalama imene mudzaodere katundu wina, osati imene munaodera amene ali pa shelefu. Kuti zimenezi zitheke mwachangu pafunika pepala limodzi la Excel lokonzedwa kale, pomwe katundu aliyense ali ndi mtengo wa dola kapena randi, thiransipoti, msonkho ndi phindu, ndipo mtengo wa dola uli m'bokosi limodzi pamwamba. Mukasintha bokosi limenelo mitengo yonse isinthe yokha. Wopanda pepala limeneli amatha sabata yathunthu akufufuza ma invoisi akale m'makabati.

MkuluWaBodi: Mayi, masamu anu ndi oona, koma ine ndichenjeze. Changu chimene ambiri amachitama chimangokhala chipwirikiti. Lero mtengo uwu, mawa wina, wogwira ntchito sakudziwa chouza kasitomala. Komanso kukweza mtengo wa katundu amene munagula dola ili yotsika, anthu amakuonani ngati akamberembere, ndipo a CFTC, bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda, amatsata nkhani za kubisa katundu ndi kukweza mitengo mopanda chilungamo. Mbiri ya kampani ikaipa sibwerera msanga ngati mmene mpamba umabwererera.

MayiAkaunti: Bambo, mwanena zoona, ndipo pali kusiyana kumene tiyenera kukusunga. Kutseka sitolo n'kulemba kuti tikuwerenga sitoko pomwe mukudikira kuti mitengo ikwere, kumeneko ndi kubisa katundu, ndipo n'kulakwa. Kukweza sopo wopangidwa konkuno ndi 44 peresenti yonse ngati kuti chilichonse cha mu sopoyo chimachokera kunja, nakonso n'kudyera anthu masuku pamutu. Njira yabwino ndi kugawa katundu patatu. Wochokera kunja yense, monga zipangizo zamagetsi ndi mankhwala, amatsatira dola. Wopangidwa kuno ndi zipangizo zakunja amatsatira kalata ya mitengo yatsopano yochokera kwa wopangayo, ndiye muimbireni tsiku lomwelo. Wa konkuno weniweni, monga nyemba kapena mpunga wa ku Karonga, amangokwera ndi thiransipoti. Sungani mawerengedwe onse mu fayilo kuti aliyense wofunsa muthe kumuonetsa. Makasitomala akuluakulu alembereni uthenga wonena tsiku limene mtengo watsopano ukuyamba, ndipo oda imene analipira kale muipereke pa mtengo wakale.

WaMathiraki: Ine ndikambe za njira. Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, katundu amadalira madoko a eni: Beira ndi Nacala ku Mozambique, Dar es Salaam ku Tanzania, Durban ku South Africa. Kampani zambiri zimazolowera doko limodzi, kampani imodzi ya mathiraki ndi ejenti mmodzi wa pa chipata, chifukwa n'zotchipa komanso amadziwana. Namondwe Idai atagunda Beira mu Malichi 2019, amene ankangodziwa njira ya Beira ndi Mwanza anayamba kufunsa manambala a anthu a ku Songwe katundu ali kale pa nyanja. Nthawi imeneyo aliyense amakhala akufuna thiraki yomweyo, ndipo mwini thiraki amayamba wanyamula wa kasitomala wake wakale.

Njira yachiwiri siikonzedwa tsiku la vuto. Pa makontena 10 a chaka, awiri adutse njira inayo ngakhale ikhale yodulirapo. Mukatero mumadziwa masiku enieni amene katundu amatenga, mapepala amene amafunika, ndi munthu amene amayankha foni usiku. Ndalama yowonjezerayo muiwerengere ngati inshuwalansi.

WaHoloselo: Pamenepo pali chinanso chimene anthu amaiwala kusintha: mlingo woodera katundu wina. Tinene kuti mumagulitsa matumba 40 pa sabata, katundu amatenga masabata 3 kuti afike, ndipo mumasunga a masabata 2 odzitetezera. Mukuyenera kuoda pamene mwatsala ndi matumba 200. Tsopano ndalama zakunja zavuta, banki ikuchedwa kulipira wogulitsa wanu, ndipo masabata 3 aja akhala 6. Mlingo uja ukuyenera kukwera kufika pa 320. Koma mu kompyuta mukadali 200 ya chaka chatha, woyang'anira sitoko akutsatira lamulo limene anapatsidwa, ndipo mumakhala masabata angapo opanda katundu. Iye sanalakwe. Palibe amene anapatsidwa udindo woona nambala imeneyo mwezi ndi mwezi.

Muzikumbukiranso nyengo. Madola amapezekako bwino msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo amavuta kwambiri kumapeto kwa chaka pamene dziko likuitanitsa feteleza. Oda yaikulu ya katundu wosawonongeka muikonzere miyezi imene banki ingathe kukuthandizani.

WaBekale: Koma akulu, alangizi ambiri amati kampani yachangu ndi yosasunga katundu wambiri. Inu mukuti tiwonjezere sitoko. Titsate ziti?

MkuluWaBodi: Funso labwino, achemwali. Njira yosunga katundu wochepa inatchuka ndi Toyota ku Japan, komwe zipangizo zimafika pa fakitale nthawi imene zikufunika. Koma chivomezi ndi madzi a m'nyanja zitawononga kumpoto chakum'mawa kwa Japan mu Malichi 2011, Toyota yomweyo inavutika miyezi ingapo. Itatero inalemba mndandanda wa zipangizo zimene zikasowa fakitale imaima, n'kuuza opanga ena kuti azisunga tizipangizo ta makompyuta a m'galimoto tokwanira miyezi 2 mpaka 6. Tizipangizoti titasowa pa dziko lonse mu 2021, Toyota inapirira nthawi yotalikirapo kuposa anzake ambiri isanayambe kuchepetsa ntchito. Sanasunge chilichonse mwachisawawa, anasankha zochepa zimene zilibe mlowam'malo.

Pa bekale yanu dzifunseni: n'chiyani chimene chikasowa uvuni umazima, ndipo sichipezeka pa msika wapafupi? Mwina ndi yisiti, fulawa ndi lamba wa makina okandira. Zimenezo sungani zokwanira. Shuga ndi mchere zimene mungazipeze tsiku lomwelo musamangirire ndalama. Fulawa nayenso ali ndi malire, akakhalitsa m'chipinda chachinyezi amagwa anankafumbwe, choncho muike pa mapaleti ndipo woyamba kulowa akhale woyamba kutuluka.

WaBekale: Zamveka. Ndiwonjezere za magetsi. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthima kwa magetsi kunapitirira mpaka chaka chotsatira. Ambiri amaganiza kuti kugula jenereta ndiye kuthetsa vuto, osawerengera. Jenereta ya 20 kVA ikamagwira ntchito yolemerako imamwa malita pafupifupi 4 a dizilo pa ola. Maola 8 ndi malita 32, ndipo pa mtengo wa mu Novembala 2023 uja wa K2,734 inali ndalama yopitirira K87,000 tsiku limodzi. Mukagawa ndalama imeneyo pa buledi wa tsikulo mupeza kuti mitundu ina mukuigulitsa moluza.

Chimene chimathandiza msanga ndi kusintha nthawi ya ntchito kuti zolemera zonse, kukanda ndi kuphika, zigwere maola amene ndandanda ya ESCOM ikusonyeza kuti magetsi akhalapo, jenereta n'kutsalira mafiriji ndi magetsi ounikira. Koma simungadzutse anthu pakati pa usiku popanda kugwirizana nawo. Mgwirizano wa mashifiti osinthasintha, malipiro a ovataimu ndi mayendedwe a usiku zikambidwe ndi kulembedwa zinthu zili bwino. Mukadikira vuto, sabata yoyamba imathera pa mkangano.

MlangiziWaAlimi: Ndiloleni ndibweretse mbali ya msika. Makopaletivi a nandolo m'maboma a kum'mwera ankadalira India pafupifupi kotheratu. Mu Ogasiti 2017 India inaika malire a matani 200,000 pa nandolo wolowa m'dzikolo pa chaka, ndipo mtengo kuno unagwa alimi ali ndi matumba m'nyumba. Mlimi sangasinthe mbewu imene wakolola kale, zimenezo n'zoona. Koma kopaletivi ili ndi zosankha ngati inakonzekera: nkhokwe yabwino ndi matumba osalowa mpweya kuti isagulitse mothamanga, wogula wachiwiri ngakhale wotenga pang'ono, komanso mamembala olimako soya kapena mtedza pambali.

Lamulo limene ndimalimbikitsa ndi ili: wogula mmodzi akapitirira theka la zonse zimene mumagulitsa, nkhaniyo ilowe pa mndandanda wa zokambirana za komiti mwezi uliwonse mpaka itsike. Chachiwiri, pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi kumvetsera za kunja: mitengo ya kumene mumagulitsa, malamulo atsopano a boma oletsa kapena kulola kutumiza mbewu kunja, ndi zimene a zanyengo akulosera. Lolemba lililonse alembe mizere isanu pa gulu la WhatsApp la komiti. Uthenga umene umafika kwa aliyense koma wopanda mwini wake suyendetsa kanthu.

ManijalaWaNthambi: Zonse mwanenazi n'zabwino, koma chimene chimapha changu m'makampani athu ndi siginecha. Wa pa nthambi ya Mzuzu ndi amene amayamba kuona kuti wopikisana naye watsitsa mtengo, kapena kuti simenti ikutha m'tauni. Amalemba kalata kupita ku likulu, kalatayo imadikira bwana amene ali ku msonkhano ku Mangochi, bwana akabwera akuti tidikire bodi. Yankho likamafika mwayi wapita. Munthu akalembapo kawiri osayankhidwa amasiya kulemba, ndipo likulu limayamba kumva nkhani kwa makasitomala okwiya.

MkuluWaBodi: Ndikumva kudandaula kwanu, achimwene, koma mabodi saumirira siginecha chifukwa cha nkhanza. Ndalama zambiri zabedwapo kumene munthu mmodzi amagula, kulandira ndi kulipira yekha. Yankho ndi kupereka mphamvu yokhala ndi malire olembedwa. Mwachitsanzo, manijala wa nthambi aloledwe kusintha mtengo mpaka 5 peresenti mmwamba kapena pansi, bola usatsike kupitirira mtengo woodera watsopano. Aloledwe kugula mwadzidzidzi mpaka K2 miliyoni kwa ogulitsa amene ali kale pa mndandanda wovomerezeka, ndipo anene ku likulu pasanathe maola 24, ataphatikiza risiti. Wolandira katundu akhale wina, wolipira akhale wina. Zopitirira malire amenewo zipite kwa anthu atatu otchulidwa maudindo awo, amene ayenera kuyankha pasanathe maola 48 ngakhale pa foni, ndipo aliyense akhale ndi womuimirira akachoka.

Malirewo muziwaunikanso. K2 miliyoni ya 2021 si K2 miliyoni ya lero. Mabungwe ambiri akugwiritsabe ntchito malire amene analembedwa kwacha isanagwe kawiri, mu Meyi 2022 ndi 25 peresenti ndi mu Novembala 2023, moti kugula matayala a galimoto imodzi kukufuna siginecha ya mkulu wa bungwe.

ManijalaWaNthambi: Ndikugwirizana nazo, bambo, ndingowonjezera chimodzi. Mukapereka mphamvu, munthu adzalakwitsa nthawi ina. Ngati walakwitsa ali mkati mwa malire amene munamupatsa ndipo ananena msanga, musamudule malipiro kapena kumunyoza pa msonkhano. Anzake onse amaonera pamenepo, ndipo mawa palibe adzayerekeze kusankha kanthu. Wobisa cholakwa ndi wodumpha malire ndi amene ayenera chilango.

MayiAkaunti: Tibwerere ku ndalama, chifukwa wopanda ndalama m'manja sangasinthe kanthu ngakhale aone vuto patali. Bajeti ya chaka imatha ntchito tsiku limene dola yasintha. Pambali pake pakhale ndondomeko ya ndalama zolowa ndi zotuluka ya masabata 13 akubwera, ndipo Lachisanu lililonse muchotse sabata yatha, muwonjezere ina kutsogolo. Mulembe tsiku lenileni limene ndalama ilowe, osati tsiku la invoisi. Malipiro, lendi, msonkho wa MRA, penshoni ndi ngongole ya banki zikhale pa sabata yake. Mukatero mumaona dzenje likadali masabata 6 kutsogolo, nthawi yokambirana ndi banki kapena wogulitsa ikadalipo.

Ngongole za makasitomala muzione ndi diso lina. Tinene kuti banki ikukukongozani pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti pa chaka. Kasitomala akasunga K10 miliyoni yanu masiku 60, mwataya pafupifupi K500,000, kwacha isanagwe n'komwe. Fupikitsani masiku a ngongole, kotesheni ikhale ya masiku 7 osati 30, ndipo amene amalipira pompopompo kudzera ku banki, Airtel Money kapena Mpamba mumuchotsereko pang'ono. Makontirakiti aatali akhale ndi ndime yonena kuti dola kapena dizilo zikasintha kupitirira mlingo wakutiwakuti, mtengo ukambidwanso pasanathe masiku 14. Makontirakitala ambiri a zomangamanga amathera pa kusowa kwa ndime imeneyi: anasaina mtengo wokhazikika, simenti ndi zitsulo zakwera, ntchito yaima pa lintala.

WaBungweLothandiza: Kwa ife a mabungwe omwe si aboma vuto limabwera mwina. Ndalama ya wothandiza imakhala ya madola kapena mayuro, bajeti inavomerezedwa mu kwacha, ndipo mzere uliwonse ndi womangika. Namondwe Freddy atagwa mu Malichi 2023, anthu a ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe ankafuna madzi abwino, mapulasitiki ofolera ndi chakudya tsiku lomwelo, pomwe mabungwe ena anali ndi ndalama yolembedwa kuti ndi ya maphunziro a m'kalasi. Posaina mgwirizano pemphani zinthu ziwiri: chilolezo chosuntha mpaka 10 peresenti pakati pa mizere popanda kulemba kalata, ndi ndime yolola kuti pakagwa tsoka gawo lina la ndalama litembenuzidwe msanga mukangodziwitsa wothandizayo. Mugwirizanenso kuti kwacha yowonjezera yobwera chifukwa cha kusintha kwa dola igwira ntchito yanji. Popanda zimenezo ndalama imakhala ku banki ikudikira yankho, mphamvu yake ikutha.

WaMathiraki: Ine ndili ndi nkhawa ina. Bwana akabwera ku semina amafuna kusintha zonse nthawi imodzi: pulogalamu yatsopano ya kompyuta, maudindo atsopano, misonkhano ya m'mawa uliwonse. Miyezi itatu anthu atopa, abwerera ku makope awo akale, ndalama yapita.

WaHoloselo: N'chifukwa chake chatsopano chiziyesedwa pang'ono. Mukufuna kuyamba kulandira maoda pa WhatsApp n'kumakasiyira katundu ku magolosale? Yambani ndi dera limodzi, tinene Ndirande, makasitomala 30, njinga yamoto imodzi, masabata 4. Musanayambe lembani chimene mukuyeza, monga phindu lotsala pa ulendo uliwonse mutachotsa mafuta ndi malipiro a woyendetsa, ndipo lembaninso mlingo umene mukalephera kuufika musiya. Kulemberatu kumeneku n'kofunika kwambiri, chifukwa ntchito imene anayambitsa bwana palibe amafuna kuipha, imangodya ndalama chaka ndi chaka. Zikayenda, onjezani dera lachiwiri mutakonza zimene zinavuta poyamba, zomwe kawirikawiri zimakhala katundu wobwezedwa, ndalama yochedwa kufika ku ofesi, ndi mtengo wa pa foni wosiyana ndi wa pa kauntala.

WaBekale: Nanga ife a mabizinesi ang'onoang'ono, antchito 8, opanda bodi kapena wa akaunti wokhazikika? Tiyambire pati?

MayiAkaunti: Achemwali, inu ndi amene muli ndi mwayi chifukwa wosankha ndi woona vuto ndi munthu mmodzi. Chimene chimakuchedwetsani ndi kusadziwa manambala. Lolemba m'mawa, mphindi 30, khalani ndi wachiwiri wanu ndi wa pa kauntala muone zinthu zinayi: ndalama imene ili ku banki ndi pa foni, amene ali nanu ngongole ndi masiku amene yakhala, masiku amene fulawa ndi yisiti zikwanire, ndi ndalama imene buledi mmodzi akukudyerani pa mitengo ya sabata ino. Yomalizayi muiwerengere kuchokera pa thumba la makilogalamu 50: fulawa, shuga, mafuta, yisiti, magetsi kapena dizilo, mapepala okulungira ndi malipiro, kugawa ndi buledi amene watuluka ndi kugulitsidwa, osati amene munayembekezera. Wopserera ndi wobwezedwa alowe m'masamumo.

MlangiziWaAlimi: Ndipo ntchito iliyonse yofunika idziwike ndi anthu awiri. Wokanda akadwala, wa pa kauntala athe kuyendetsa makina. Manambala achinsinsi a banki ndi a ogulitsa fulawa asakhale m'mutu mwa munthu mmodzi.

ManijalaWaNthambi: Bambo a bodi, ndibwerere pa malire aja. Pa kampani ya nthambi zingapo, 5 peresenti ija ikhale pa katundu yense? Ndikuona kuti pa simenti kapena shuga, pomwe phindu lake ndi lochepa kale, kutsitsa ndi 5 peresenti kungadye phindu lonse.

MkuluWaBodi: Ayi, isakhale imodzi. Katundu woyenda msanga wa phindu lochepa, monga simenti, shuga ndi mafuta ophikira, malire akhale 1 kapena 2 peresenti, ndipo likulu lizitumiza mtengo wapansi m'mawa uliwonse. Katundu wa phindu lalikulu koma wochedwa kutuluka, monga penti ndi matailosi, 5 mpaka 8 peresenti ndi yabwino, makamaka amene wakhala pa shelefu masiku opitirira 90. Amene watsala mwezi umodzi kuti athe ntchito, manijala aloledwe kumugulitsa ngakhale pa mtengo woodera, bola alembe nambala ya katoni ndi tsiku lake, ndipo woyang'anira sitoko asainire pambali.